Kodi Nyumba ya Sukulu Iyenera Kukongola?

M'midzi yathu ya kwa Njombwa mfumu ikalalika nchito youmba njerwa za sukulu, pamabuka mau awiri. Ena ati, Tingoimika zipupa zinai ndi kufolera malata, kwatha. Ena ati, Iai, timange nyumba yoti opita pa mseu aziiceukira. Nanga wolungama ndani? Tiyeni tilingalire pamodzi, pakuti mlandu uwu ngwa ana athu.

Tiyambe ndi ca kwathu konkuno. Pa Mtunthama, m'boma lathu la Kasungu, Dr. Banda anatsegula Kamuzu Academy m'caka ca 1981, pafupi ndi mtengo wa kacere umene iye anaphunzirapo ali mwana. Pali nsanja ya koloko, nyanja yocita kukumba, mabwalo a masewera, ndi nyumba ya mabuku yotengera maonekedwe a ina ya ku Washington. Sitinyoza nyumbayi, mwana wa mlimi wolowa pa cipata cotere azindikira kuti nzeru ndi cinthu colemekezeka. Koma olowamo ndiwo mazana owerengeka okha. Ndipo pamene boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale m'caka ca 1994, ana anaonjezeka oposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri a iwo anakhala pansi pa mitengo, mvula ikagwa nabalalika. Cotero tinabwerera ku kacere.

Tikumbukenso William Kamkwamba wa kwa Wimbe, amene analeka sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 posowa ndalama. Cimene cinamtsegula maso ndico kanyumba kakang'ono ka mabuku. M'menemo anapeza nzeru yopangira makina a mphepo opatsa magetsi. Kanyumbako kanalibe nsanja, koma khomo lace linali lotsegukira mwana waumphawi.

Za khomo tiri naco citsanzo cina cowawa. Bwalo la masewera la Bingu ku Lilongwe, lomangidwa ndi ngongole ya ku China, lokhalamo anthu oposa 40,000, linatsegulidwa m'caka ca 2017. Pa 6 July caka comweco anthu 8, ambiri a iwo ana, anafa popanikizana pa zipata zace. Akuru anati, Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba iyesedwa ndi m'mene isungira wamng'ono wolowamo.

Kodi tsono titaye kukongola? Iai ndithu. Nyumba yamdima, ya denga lotsika, yotentha m'mwezi wa October monga ng'anjo, iphunzitsa mwana tsiku ndi tsiku kuti iye sawerengedwa kanthu. Ndipo phunziro limenelo alisunga koposa masamu athu. Komatu ife alimi a fodya tidziwa kumanga cigafa. Tikweza denga, tisiya mbali poyera kuti mphepo ipite, cifukwa tiopa kuti tsamba lingaole ndi kutsika mtengo pa msika. Kodi mwana saposa tsamba la fodya?

Nzeru yomweyi inamveketsa mmisiri Francis Kéré wa ku Burkina Faso. Iye pamodzi ndi anthu a m'mudzi mwace, mwa Gando, anatsiriza sukulu m'caka ca 2001 ndi njerwa za dothi la komweko, nakweza malata pamwamba patali kuti mpweya wotentha uturuke. M'caka ca 2022 analandira mphoto ya Pritzker, imene iri yaikuru mwa amisiri olemba mapulani a nyumba. Kukongola kwa sukuluyo kunacokera m'kusamalira ana okhalamo.

Cifukwa cace tinena kuti mau awiri aja onse aperewera. Womanga monyada afuna maso a alendo. Womanga mwaulesi afuna kuti nchito ithe msanga. Onse awiri aiwala mwana. Tikasonkhana poyesa maziko, tifunsane zinthu izi: Kodi wokhala kumbuyo adzaona bolodi? Kodi mphepo idzalowa m'nyengo yotentha? Kodi wopunduka miyendo adzakwera pa khomo? Kodi atsikana ali naco cimbudzi cao cobisika bwino? Kodi tasiya bwalo la mpira, ndi kubzala mitengo m'malo mwa imene tiotchera njerwa? Tikayankha bwino mafunso awa, nyumbayo idzakongola yokha, ndipo alendo opita pa mseu adzaiceukira ngakhale sitinawaitane.