MBONI ZIWIRI ZA KU CARTHAGE

M'mutu waciwiri wa buku la Cibvumbulutso muli uthenga umene Ambuye anatumiza kwa mpingo wa ku Smyrna. Sanaulonjeze kuti adzaupewetsa cisautso ai. Anauuza poyera kuti ena a iwo adzalowa m'ndende, naulimbikitsa kuti usam'taye Iye ngakhale imfa itafika. Pa tsiku la 7 Marichi Mpingo ukumbukira akazi awiri amene mau otere anakwaniridwa pa iwo, ndipo onse awiri anali a m'Afrika muno.

Ambiri a ife tiyesa kuti Uthenga Wabwino unayamba kumveka m'Afrika pakufika amishoni. Koma kumpoto, m'mbali mwa nyanja yaikuru, kunali mipingo zaka mazana ambiri Livingstone asanabadwe. M'mudzi wa Carthage, pafupi ndi pamene pali Tunis lero, m'caka ca 203, pokhala Septimius Severus mfumu ya Aroma, anagwidwa anthu asanu a m'kalasi, osabatizidwa. Mmodzi anali Perpetua, mkazi wa banja lomveka, wa zaka ngati 22, ali ndi mwana wa kubere. Wina anali Felicitas, mdzakazi, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Mphunzitsi wao Saturus panalibe tsiku limene anagwidwa, koma anakadzipereka yekha kuti asasiyane ndi ophunzira ace. Aphunzitsi a makalasi athu alingalire bwino za munthu ameneyu.

Anabatizidwa ali ogwidwa kale. Cimene boma linafuna kwa iwo cinaoneka cacing'ono: kupereka nsembe kwa milungu cifukwa ca moyo wa mafumu. Wocita ici akadabwerera kwao tsiku lomwelo.

Perpetua analemba yekha za masiku ace a m'ndende, ndipo zolemba zace zilipobe. Woziwerenga aona kuti mdima ndi kutentha kwa m'ndende sizinam'sautse monga anam'sautsira atate ace. Mkuluyo sanali Mkristu, koma anam'konda mwana wace koposa. Pakudza iwo koyamba, Perpetua anawaonetsa mtsuko wa madzi umene unali pomwepo, nawafunsa ngati nkutheka kuucha dzina lina losati mtsuko. Momwemonso iye sakanatha kudzicha dzina lina, koma Mkristu. Anadzanso, nam'psompsona manja, nagwa pa mapazi ace ndi misozi, nam'kumbutsa za imvi zao, za amace, ndi za khandalo. Pa tsiku la mlandu anafika atanyamula mdzukulu wao. Kazembe Hilarianus analamula kuti nkhalambayo ikwapulidwe ndi ndodo cifukwa ca kuumirira kwace, ndipo Perpetua anamva kuwawa monga ngati ndodoyo yagwera iye mwini. Komabe pofunsidwa anabvomera kuti ali Mkristu.

Apa ndipo nkhaniyi itikhudza ife. Palibe kazembe amene atiopsa ndi zirombo m'midzi mwathu. Koma mwana akadwala masabata atatu osacira, abwera ndani? Abwera amalume, abwera agogo, anthu otikonda ndithu, nati tiyeni tikaombeze ula, tikathire ufa pa kacisi. Nkanthu kakang'ono, abusa sadzamva. Mdani tidziwa kum'kaniza. Kukaniza munthu amene anatilera, alinkulira pamaso pathu, ndico cinthu cobvuta, ndipo ambiri amene analimbika pa zina anagwera pomwepa. Taonani kuti Perpetua sanawanyoze atate ace, sanawayese adani. Lamulo la kulemekeza akutibala analisunga kufikira tsiku lomariza. Anawamvera cisoni cacikuru, koma nsembeyo sanapereke.

Za Felicitas nzazifupi, koma zili ndi mankhwala a mtima wamantha. Lamulo la Aroma linaletsa kupha mkazi wapakati, ndipo iye anada nkhawa kuti anzace adzam'tsogolera, iye nadzafa pambuyo pamodzi ndi ocita zoipa. Anapemphera onse pamodzi atatsala masiku owerengeka, ndipo nthawi yace inafika msanga. Pobuula iye ndi zowawa za kubala, wina wa anchito a m'ndende anam'seka, nam'funsa cimene adzacita pamaso pa zirombo, popeza izi zokha zam'liza. Iye anayankha kuti zowawa za tsiku limenelo alikuzisenza yekha, koma m'bwalo muja mudzakhala Wina mwa iye wom'senzera, pakuti iyenso adzakhala alikusauka cifukwa ca Iyeyo. Anabala mwana wamkazi, ndipo mlongo wina wa mumpingo anam'tenga namlera ngati wace.

Inu amene mugona pamphasa ndi nthenda yosamva mankhwala, ndi inu okalamba amene muopa usiku, musadziyese osakhulupirira cifukwa mtima ugunda. Felicitas anabuula monga abuula mkazi ali yense. Mphamvu ya kuoloka mtsinje wa imfa sitiisunga m'nkhokwe ngati cimanga, kuti tiziiyang'ana tisanaifune. Ambuye aipereka pa ora lace, pakuti Iye mwini anayamba kuoloka, nabwerako wamoyo.

Anawaturutsa pa masewero a tsiku la kubadwa kwa Geta, mwana wa mfumu. Pacipata anafuna kuwabveka zobvala za ansembe a milungu, koma anakana, ndipo mkuru wa asilikari analeka. Amuna anawaponyera nyalugwe, cimbalangondo ndi nguruwe ya kuthengo. Akazi awiriwo anawatumizira ng'ombe yaikazi yolusa. Itam'ponya pansi, Perpetua anadzuka, nakonza cobvala cace, namanganso tsitsi lace, pakuti kwa Aroma tsitsi lomasuka linali cizindikiro ca maliro, ndipo iye sanafune kuoneka wolira pa tsiku limenelo. Poona Felicitas ali gone, anapita nam'gwira dzanja, namuutsa. Mwana wa mfulu ndi mdzakazi anaima pamodzi. Otsala amoyo anapsompsonana monga anacitira Akristu polawirana mumtendere, napita okha pakati pa bwalo kukaphedwa ndi lupanga. Mnyamata amene anauzidwa kupha Perpetua anali wosazolowera, dzanja lace linanthunthumira, nam'lasa pa pfupa. Perpetua anapfuula ndi ululu, ndipo anagwira dzanja la mnyamatayo nalilunjikitsa pakhosi pace.