Dzanja langa linasaina kale

Mkazi wanga anandiuza nkhaniyi akusenda chinangwa choti akaviike, maso ali pa mpeni, ngati munthu amene akungonena za kukwera mtengo kwa sopo. "Ada, jakisoni wa mwezi wa mawa uja sindikabayitsa." Ine ndinali pakhonde, ndikumalizitsa kankhani ka asodzi koti nditumize ku nyuzipepala. Ndinayankha kuti ndamva. Kumva ndinamvadi, koma chiyambire tsiku limenelo sindikuona tulo.

Jakisoni amene amanenayo ndi wolera, wa miyezi itatu uja, ndipo wakhala akubayitsa chitulukire m'chipatala mu 2023. Kuleka kwake ndiye kuti akufuna tiyesenso. Tsono kuti mumvetse chimene mawu oti "tiyesenso" akundiumitsira pakamwa, ndiyenera kuulula zimene ife awiri takhala tikubisa kwathu kuno ku Kande.

Munali mu Julaye, mwera uli pachimake, mabwato onse ali kumtunda. Pakati pake panali patangopitirira miyezi isanu. Anayamba kutupa miyendo, kenaka manja ndi nkhope, mpaka mphete ya ukwati kukana kuvuka. Azimayi ena anati amenewo ndi mapasa. Ena, monong'ona, anati mwamunayo akuyenda njira zachilendo, paja mayi woyembekezera akatupa woyamba kulozedwa chala ndi mwamuna wake. Usiku wina anadandaula mutu waukulu, nati akuona tinthu tothwanima ngati ziphaniphani. Pofika kuchipatala chaching'ono anali atakomoka kale kamodzi, akuphupha ngati wakhunyu. Anamwino anamubaya magnesium sulphate, natikweza ambulansi kupita ku chipatala chachikulu.

Kumeneko dokotala ananditengera pambali. Matendawa pa Chingerezi amati pre-eclampsia, ndipo akafika pokomola munthu amati eclampsia. Amabwera mimba ikapitirira masabata 20. Magazi amathamanga kwambiri, impso ndi chiwindi zimayamba kuonongeka, nthawi zina mtsempha wa m'mutu umaphulika. Gwero lake lili pa nsengwa, choncho mankhwala amangoziziritsa chabe; kuchira kwenikweni n'kwakuti mimba ithe, nsengwa ituluke. Matendawa akabwera mwana atakhwima, amangomuchiritsa msanga mayi uja, onse awiri n'kupulumuka. Wathuyo anali wa masabata 23. "Bambo," anatero dokotala, "tikadikira titaya onse awiri." Mwini wake anali asakudziwa kanthu, ndiye pepala analipereka kwa ine. Ndinasaina ndi bolopeni yomwe ndimalembera nkhani.

Anali mwana wamkazi. Azimayi anakamuika okhaokha monga amachitira ndi mtayo, popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda mwamuna aliyense.

Kumudzi tinabwerako ndi bodza. Aliyense wofunsa tinkamuuza kuti wapita padera. Musatiweruze msanga, abale anga, chifukwa chinenero chathuchi chatipatsa mawu awiri okha. Pali kupita padera, limene ndi tsoka, anthu amabwera ndi nkhuni ndi ufa kudzapepesa. Pali kuchotsa kapena kutaya mimba, umene ndi mlandu, anthu amakulavulira. Zimene zinatichitikira ife zilibe dzina. Mwana tinkamufuna, matewera tinali titagula kale ku Chintheche, komabe sanachoke yekha. Panali munthu amene anavomera, ndipo munthuyo ndine.

Lamulo la dziko silinatitsutse. Malamulo a milandu amene tinatengera kwa atsamunda mu 1930 amati wochotsa mimba ya mnzake akhoza kukaseweza zaka 14, mayi wochotsa yake zaka 7, koma gawo 243 limamasula dokotala amene wachita zimenezi pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Ife tinadutsira pakhomo limeneli. Mkangano waukulu umene wakhala ukuchitika m'dziko muno ndi wofuna kukulitsa khomolo kapena kulisiya momwe lilili. Law Commission inatulutsa lipoti lake mu 2015, mu Disembala 2016 Akatolika ndi mipingo ya Evangelical Association of Malawi anayenda m'misewu kukana biluyo, ndipo mu Malichi 2021 aphungu anakana ngakhale kuikambirana pamene a Matthews Ngwale anafuna kuibweretsa m'Nyumba ya Malamulo. Chikumbumtima chikandivuta ndimakumbukira Savita Halappanavar, mayi wa ku India amene anamwalira m'chipatala cha ku Galway, ku Ireland, mu 2012, madokotala akudikira kuti mtima wa mwana wosapulumutsika uyambe waleka kugunda. Kudikirako nakonso n'kusankha. Pamenepa ndiye ndinakhazikika mtima kalekale.

Koma onsewa, a bilu ndi okana bilu, nkhani yawo imathera pakhomo la chipatala. Palibe amene amakuperekeza kunyumba n'kukuuza chochita zaka ziwiri zikapita, mkazi wako atalimba thupi, akusenda chinangwa, n'kunena kuti tiyesenso. Funso langa lagona pamenepo. Kodi munthu amene anaona mkazi wake akuphupha, nasaina kuti mwana wake achoke, ali ndi ufulu wokana kuyesanso? Nanga ali ndi ufulu wovomera?

Zifukwa zokanira ndinali nazo, ndipo ndinaziyala bwino ngati wamalonda pamsika. Choyamba chinali chakuti matendawa amatha kubwereranso, makamaka kwa mayi amene anamugwira mimba ili yaing'ono ngati mmene zinalili ndi ife. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Nambala imeneyi kale ndinkangoilemba m'nkhani, lero ndikaiona ndimaona nkhope yotupa ija. Ndiponso Kande si Mzuzu. Kuti munthu akafike kumene kuli fiyeta ndi magazi ayenera kupeza galimoto pa msewu wa M5, ndipo usiku magalimoto a pamsewu umenewu mukuwadziwa.

Chifukwa china sindinachitchule kwa iye, chifukwa n'chamanyazi. Ndinkaona ngati kubereka wina n'kufufuta woyamba uja, ngati mmene ndimafufutira mzere wolakwika n'kulemba wina pamwamba pake. Mwana amene analibe dzina, analibe maliro, chimene chinatsala chomukumbukira nacho ndi malo opanda kanthu amene anasiya m'nyumba mwathu. Tikatseka malowo ndiye kuti watheratu. Ndinakhala nalo ganizo limeneli masabata angapo ndisanaone kupusa kwake. M'mudzi muno mulibe banja limene silinaikeko mwana, ndipo palibe mayi amene anaiwala womwalirayo chifukwa choti anabereka wina. Agogo anga ankawerenga ana awo onse ndi zala, amoyo ndi akufa, osadumpha ndi mmodzi yemwe. Ndikapita ku Old Bandawe, kumene mishoni ya Livingstonia inasamukira mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear, ndimaima pa manda aja n'kuganizira za Margaret, mkazi wa Dr Robert Laws. Ana ake onse anamwalira ali makhanda kupatula mmodzi, Amelia Nyasa Laws, wobadwa mu 1886. Mabuku amachulutsa za mwamuna wake, za sitima ya Ilala ndi za Khondowe. Ine ndimaganiza za mayiyo, amene anaika mwana m'dothi la m'mphepete mwa nyanja yomweyi n'kudzaimanso.

Chifukwa chachitatu ndicho ndinkachidalira kwambiri, poti chinkandionetsa ngati mwamuna wozindikira. Ndinkati maganizo amenewa si ake. Mayi anga akhala akuponya mawu chiyambire chaka chatha: "Mwana wanga, nyumba yoti zii ngati tchalitchi Lolemba, mukudikira chiyani?" Amalume ena anachita kundiitanira pambali pa maliro n'kundiuza kuti mwamuna safa ndi njala chakudya chili ponseponse, kutanthauza kuti nditenge wachiwiri. Zonsezi mkazi wanga amazimva, ngakhale zimene sizinanenedwe pamaso pake. Kumpopi azimayi akayamba za sikelo, iye amangotunga n'kunyamuka. Ndiye ndinadziuza kuti mayi amene akuika moyo wake pachiswe kuopa apongozi sanasankhe, wachita kukankhidwa, ndipo udindo wanga n'kumuteteza ngakhale kwa iye mwini.

Tsiku lina ndinamufunsa. "Kodi ndi Ama akukutumani zimenezi?"

Anaseka, koma kuseka kosakondwa. "Ndikanati sindikufuna, mukanati ndaganiza ndekha. Poti ndikufuna, ndiye kuti andituma?"

Ndinasowa choyankha, ndipo mpaka lero ndikuchisowa. Zoona zake n'zakuti palibe amene amafuna mwana ali payekha pachilumba. Ngakhale ineyo, chilakolako changa chokhala bambo ndinachitola m'mudzi momwemu, kwa anthu omwewa. Tikati chofuna chilichonse chimene chakhudzidwa ndi achibale n'chabodza, ndiye kuti palibe Mmalawi amene anafunapo kanthu. Komanso taonani chinyengo chimene chinali m'kati mwa nzeru zanga zija. Amalume akuti mkazi abereke chifukwa banja likufuna. Ine ndikuti asabereke chifukwa ine ndikuopa. Tonse awiri tikukambirana za thupi lake iye atakhala pomwepo ngati mlendo.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu ndaugwiritsa ntchito kambirimbiri m'nkhani zanga, koma pano wandivuta, chifukwa m'nyumba muno tamva m'mimba tonse. Iye ndiye adzanyamule, iye ndiye angafe. Pamenepo sindingapikisane naye. Koma si zoonanso kuti ine ndilibe gawo. Iye za usiku uja sakumbukira kanthu, anadzuka zonse zitatha. Amene anaona ndine. Ndipo ndikadzifufuza bwinobwino, mantha anga aakulu si a imfa yake yokha ayi. Ndikuopa pepala lija. Ndikuopa kuimanso m'khonde la chipatala, munthu wovala zoyera n'kundipatsa bolopeni. Mantha amenewa ndi enieni, sindikuchita nawo manyazi, koma ndinawaveka malaya a chikondi kuti asaoneke kuti ndi anga. Kumuuza munthu kuti usakhale mayi moyo wako wonse chifukwa dzanja langa linanjenjemera kamodzi, umenewo ndi msonkho waukulu.

Ndinayesa kudzitonthoza ndi asodzi. Anyamata a kuno amalowa m'nyanja usiku ndi nyali kukasaka usipa, akudziwa bwino kuti mwera unameza anzawo, ndipo palibe amene amawatcha amisala. Koma fanizo limeneli silifika patali. Msodzi akapanda kulowa m'madzi, ana agona ndi njala. Ife tikapanda kuyesanso palibe amene afe. Tikhoza kulera ana a achibale, ndipo alipo ambiri ofuna sukulu. Ndinamuuza zimenezi, iye anavomera kuti n'zoona, nati mwana wa mchemwali wake abwere ndithu chaka cha mawa, koma imeneyo ndi nkhani ina. Pamenepo ndinazindikira kuti sakufuna kutseka pakamwa pa anthu. Akufuna chinthu chimene chinayamba mwa iye n'kudukira panjira.

Tinapita limodzi kukaonana ndi dokotala, ine ndikuyembekeza kuti atiletsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanatiletse, sanatilimbikitsenso. Anati bungwe la World Health Organization limalangiza kudikira miyezi yosachepera 6 mimba ikatha motere, ndipo ife tapitirira kutali. Anati amayi ambiri amene anadwalapo matendawa amadzabereka bwinobwino, ngakhale kuti chiopsezo chawo chimaposa cha anzawo. Anati akadzangoima ayambe sikelo mwezi womwewo, osati kubisa mimba mpaka ioneke monga timachitira kuopa afiti. Adzamwe aspirin wochepa mphamvu, wa 75 mg, tsiku lililonse kuyambira mimba isanafike masabata 20, pamodzi ndi calcium. BP iziyezedwa pafupipafupi. Ndipo miyezi yomalizira akakhale pafupi ndi chipatala chachikulu. Ndinamufunsa kuti akanakhala mkazi wake akanatani. Anandiyang'ana nati, "Bambo, funso limenelo mukufunsa munthu wolakwika," n'kutembenukira kwa mkazi wanga.

Pobwerera m'minibasi sitinayankhulane mpaka titadutsa Chintheche. Titatsika pa Kande, tikuyenda wapansi kulowera kunyanja, ndi pamene ananena. "Ada, sindinakudandaulenipo kuti munasaina. Mukanapanda kutero bwenzi pano udzu utamera pa ine. Koma munandipulumutsa ine kulibe. Ulendo uno ndikufuna ndikhalepo." Anati akadzaima, tsiku loyamba la sikelo adzauza anamwino ndi pakamwa pake, ine ndili pomwepo, kuti matenda aja akadzabweranso mwana asanakhwime achite monga anachitira poyamba, ndipo zilembedwe m'kabuku kake. Atero kuti pepala likadzabweranso, dzanja langa lidzangotsatira mawu ake.

Kaya zimenezi zichepetsa kulemera kwa bolopeni, tidzaona. Kuvomera ndi pakamwa sindinavomere, ndipo iye sanandiumirize. Koma sabata yatha nditalandira kandalama ka nkhani ziwiri ndinakwera basi kupita ku Mzuzu, n'kukagula kamakina koyezera BP, ka mabatire. Mayi anga atakaona anafunsa ngati ndi wailesi. M'mawa uno tayeza, yakwana 118 pa 76, ndipo mkazi wanga walemba yekha nambalayo kumapeto kwa kope langa la ndakatulo, pansi pa za dzulo ndi dzana. Tsiku la jakisoni ndi Lachinayi likudzali.