Mafunso Atatu kwa Bambo Joyah

Anthu akakumana ndi mlembi amene amamukonda, kawirikawiri amamufunsa kumene amatenga nkhani zake. Funsoli ndi lopepuka. Ine nditapatsidwa mpata wocheza ndi Bambo Shemu Joyah, mlembi wa kanema amene ndimawalemekeza, ndikhoza kuwafunsa zinthu zitatu zokhudza chilungamo.

Loyamba lichokera mu Seasons of a Life, kanema wawo woyamba. Mtsikana wantchito apatsidwa pathupi ndi bwana wake, mwanayo aleredwa ndi mkazi wa bwanayo, kenaka mayi womubala abwera kudzamufuna. Bambo, kodi pamene munkalemba, munkadziwa kale amene ali ndi mlandu? Ngati munkadziwa, ndiye kuti munali woweruza amene wagamula asanamve mboni. Ngati simunkadziwa, mungatiphunzitse chiyani ife oonera?

Lachiwiri likhudza The Road to Sunrise wa 2017, nkhani ya akazi ogulitsa thupi mu Blantyre. Kanemayu adalandira mphotho kunja, ndipo dzina la mlembi lidakwera. Nanga akazi enieni aja adapindulanji? Ena adzati kuonetsa mavuto a munthu n'kumuthandiza kale, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya ndipo mlembi ndiye ayenera kulankhula. Ndivomera pang'ono. Komabe misozi ya wina ikasanduka chakudya cha wina, pamakhala ngongole, ndipo ndifuna kumva m'mene mlembi amaibwezera.

Lachitatu ndi la kwathu kuno ku Ntcheu. Mu 1896 Angerezi adapha Inkosi Gomani Chikuse, ndipo Angoni amamukumbukira ngati mfumu imene idakana kugonja. Koma ankhondo a Angoni omwewo ankagwira anthu a mitundu ina, ndipo zidzukulu za ogwira ndi za ogwidwa lero zimagulitsa mbatata ndi kabichi pamodzi pa Lizulu. Bambo, mutati mulembe nkhani imeneyi, kodi mungaonetse ogwidwawo? Kuwabisa ndi bodza lokomera mtundu. Kuwaonetsa ndi kutsegula bala limene maukwati adalitseka kalekale.

Ine maganizo anga ndi akuti awaonetse. Mtundu umene umangofuna kuona ngwazi zake zokha umaiwala kuti nawonso ungathe kupondereza anzake. Koma mlembiyo akatero, abwere adzaonetse kanemayo pa Lizulu pomwepo, akhale pansi pakati pa anthu, ndipo amve yekha zimene adzanene.