Ndani Anapatsa Nyongolotsi ya Likodzo Chishango?

Nyongolotsi ya likodzo imakhala pamalo oopsa: m'mitsempha ya magazi a munthu. Maselo oteteza thupi amaithira madzi owotcha monga hydrogen peroxide, ndipo magazi amene imadya ali ndi ayironi yemwe akanatha kuiwononga m'kati. Komabe imatha zaka 3 mpaka 10, yaimuna itafungatira yaikazi, kwinaku mazira ake akulasa chikhodzodzo mpaka mwana wa ku Mangochi kuyamba kukodza magazi.

Munthu wopemphera sangalephere kufunsa kuti, ngati Namalenga ndi wachifundo, anaipatsiranji chishango nyongolotsiyi? Funso lotere linamusowetsa mtendere Charles Darwin. Mu 1860 analembera mnzake Asa Gray kuti zimamuvuta kukhulupirira kuti Mulungu wabwino analenga dala mavu oikira mazira m'thupi la mbozi yamoyo.

Chishangocho asayansi anachiunika bwino, napeza kuti n'chosalimba. Nyongolotsiyi ilibe catalase, puloteni imene thupi la munthu limathetsera hydrogen peroxide. Pamene munthu ali ndi mapuloteni awiri osiyana otsitsimutsa glutathione ndi thioredoxin, zomwe zimateteza maselo ku madzi owotchawo, iyo ntchito zonsezi inazisenzetsa puloteni imodzi yotchedwa TGR, ngati denga lotsamira mzati umodzi. Mu 2007 gulu la David Williams ku America linasonyeza kuti TGR ikatsekedwa, nyongolotsi imafa. Auranofin, mankhwala a nyamakazi okhala ndi golide, anaipha m'labotale ndi kuchepetsa nyongolotsi m'matupi a mbewa, ngakhale kuti sanavomerezedwe kuchiza likodzo. Artemether wa malungo uja akakumana ndi ayironi amene nyongolotsi yadya, amatulutsa poizoni wopha nyongolotsi zing'onozing'ono zimene praziquantel, mankhwala a likodzo, amazilephera. Praziquantel yemweyo amadzera kwina: amalowetsa kashiamu wambiri m'minofu, nyongolotsi n'kuuma gwa, khungu lake n'kusupuka, chitetezo cha m'thupi n'kuimaliza.

Kodi zimenezi zikuyankha funso lija? Osati lonse, ndipo mayi amene mwana wake akubuula pokodza sayenera kupatsidwa yankho lachidule. Koma zikuonetsa kuti nyongolotsi ilibe chidani ndi munthu. Ikungofuna moyo, monga nkhono ya m'nyanja imene imaisunga. Zikugwetsanso maganizo akuti matendawa ndi chifuniro cha Mulungu chosayenera kulimbana nacho. Ngati chishango n'cholengedwa, mng'alu wake ndi wolengedwanso, pamodzi ndi nzeru youpeza. Kukaniza mwana mankhwala m'dzina la chikhulupiriro ndi kulemekeza moyo wa nyongolotsi kuposa wa mwanayo, ndipo kumeneko n'kulakwa.

Anthu oposa 200 miliyoni amafunika mankhwala a likodzo, ambiri a iwo mu Africa. Azaumoyo akabwera kusukulu ndi ndodo yoyezera msinkhu ndi mabotolo a praziquantel, makolo amudyetse mwana phala m'mawa, poti mankhwalawa safuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo amulole akamwe.