Madzi Samana Mlendo, Ngakhale M'malo Odyera

Mwana asanadziwe kusinja kapena kugwira khasu, amayamba waphunzira kulandira mlendo. Mlendo akakhala pansi n'kulonjeredwa, choyamba kumufikira ndi madzi. Mwanayo amatsuka chikho, kutunga mumtsuko, kugwada n'kupereka ndi manja awiri. Sayima pamutu pa munthu wamkulu, ndipo sachoka mpaka atalandiranso chikhocho. Makolo ankati ndiwo zikhoza kusowa, chimanga chikhoza kutha m'nkhokwe, koma madzi samana munthu, ngakhale wapaulendo amene simukumudziwa n'komwe.

Mwambowu sunafe m'tauni. Lowani m'malo odyera nsima kumsika wa Limbe, ku Wenela kapena ku Ndirande. Mnyamata amabwera ndi jagi ndi beseni kudzakusambitsani m'manja, kuyambira wamkulu, ndipo patebulo pamakhala madzi akumwa amene palibe amakulipiritsani. Zinthu zimasintha mukafika m'malesitilanti ena a pakati pa mzinda wa Blantyre, cha ku Victoria Avenue kapena ku Chichiri. Mukati, "Achemwali, tipatseniko madzi," amabwera ndi botolo losatsegula la 500ml, ndipo mtengo wake mukaupeza pa bilu.

Eni malowa ali ndi zifukwa zomveka. Madzi a mu Blantyre amachokera kutali. Ambiri mwa iwo bungwe la Blantyre Water Board limawapopa mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwakweza chitunda ndi mphamvu ya magetsi. Ena amachokera ku damu la Mudi, ndipo kuyambira 2019 kunawonjezeka a ku Likhubula m'phiri la Mulanje. Magetsi akazima mipopi imauma, ndipo madzi osungidwa m'migolo sadziwika kuti asamalidwa bwanji. Komanso sitinaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Munthu amene anaika m'bale wake m'manda nthawi imeneyo sitingamudzudzule akamafuna botolo lomata.

Komabe mantha a matenda sakuyenera kuchotsa jagi patebulo. Akuyenera kutipangitsa kusamala zimene tikuthira m'jagimo. Pachikhalidwe chathu wopereka madzi ndiye amasenza udindo wa ukhondo wake, n'chifukwa chake mtsuko unkakhala wovindikira, chikho chotungira chili chakechake. Lero udindo womwewo ndi kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini, kuwasunga m'chidebe chotseka chokhala ndi kampopi, ndi kutsuka makapu ndi sopo, osangowaviika m'beseni limodzi tsiku lonse. Botolo logulitsa likhalepo la amene akulifuna, koma wosowa ndalama asatsamwidwe ndi nsima chifukwa cha ludzu.

Mayiko ena zimene ife timaphunzira kwa agogo anachita kuziika m'malamulo. Ku France munthu woitanitsa chakudya ali ndi ufulu wopatsidwa madzi apampopi kwaulere. Ku England, kuyambira 2010, malo ogulitsa mowa amakakamizidwa kupereka madzi aulere kwa kasitomala amene wapempha. Koma ku Germany ambiri anazolowera kugula a m'botolo. Ku United States amakuikirani madzi a ayezi musanapemphe, koma kumenekonso n'kumene makapu a zakumwa zotsekemera amakula modabwitsa, ndipo m'malo ambiri akatha amakudzazirani osalipiranso. Dziko la France linaletsa kudzaza kopanda malire kotereku mu 2017 pofuna kuteteza thanzi la anthu.

Nkhani ya kukula kwa chakumwa ikutikhudza nafenso. Tinakulira botolo lagalasi la 300ml la Fanta kapena Coca-Cola, lobweza ukamaliza, ndipo Sobo tinkachita kusungunula kuti akwanire banja lonse. Tsopano mabotolo apulasitiki akuluakulu ali ponseponse, ndipo mwana mmodzi amatha kumaliza yekha chimene kale chinkagawidwa pa anthu angapo. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa matenda a shuga akupezeka m'mabanja ambiri, ndipo malangizo akale oletsa umbombo ankatiteteza ku zinthu ngati zimenezi.

Wodya nayenso ali ndi mbali yake. Ngati wina wakuitanani kukadya ndipo akulipira ndi iye, musathamangire chakumwa chachikulu kapena chodula. Dikirani mwini wake ayambe kuitanitsa, kapena akuuzeni yekha kuti, "Sankhani chimene mukufuna." Botolo lalikulu likabwera patebulo, wamng'ono ndiye amathirira akulu, iye n'kudzithirira pomaliza. Woperekera zakudya si wantchito wa kunyumba kwanu woti muzimukodola ndi chala kapena kumuimbira likhweru. Mwina wayenda pansi kuchokera ku Mbayani kapena ku Bangwe m'mamawa, ndipo kwawo madzi amachita kugula pa chidebe kukiyosiki. Nenani mwaulemu, "Pepani achimwene, alipo madzi akumwa apampopi?" Kufunsa chotere si umphawi, ndipo musachite nako manyazi. Akakuyankhani kuti mpopi wauma kuyambira dzulo ndipo a mumgolo sakuwakhulupirira, athokozeni chifukwa akuuzani zoona, kenako gulani a m'botolo, mutayamba mwaona kuti chivindikiro chake sichinatsegulidwepo.