Zimene kamavu ka pa bondwe kakutiphunzitsa

Mu Disembala 2016 mbozi za ntchemberezandonda zochokera ku America zinagwa m'chimanga cha Zambia, mpaka Pulezidenti Edgar Lungu analamula ndege za asilikali kuti zinyamule mankhwala. Ife a ku Mandevu, olima mizere iwiri itatu kuseri kwa nyumba, tinangogwira pakamwa poona nsonga za chimanga zitadzaza ndowe zonga utuchi.

1. Wothandiza sabwera ndi ng'oma. Mu 2017 akatswiri awiri, Jose Fernandez-Triana ndi Komi Fiaboe, anapereka dzina lakuti Cotesia icipe kwa kamavu kamene kanapezeka ku Kenya, pa mbozi zodya bondwe, ndiwo yomweyi imene amayi athu amayala pamsika. Ndi kochepa kuposa njere ya mpunga. Kakakazi kali ndi kasingano kumchira koikira dzira m'thupi la mbozi. Mwana wake amadya mboziyo ali m'kati, ndipo akakhwima amaboola khungu n'kudzilukira chikwa. Pambuyo pake kanapezeka kakuphanso mbozi zachilendo zija ku Kenya ndi ku Ethiopia. Kanali kakugwira ntchito kalekale kasanakhale ndi dzina. Nanga m'komboni muno, ndi angati amene amatsegula ngalande yotsekeka m'mamawa ife tili m'tulo, koma sitinawafunsepo dzina?

2. Kufanana si umodzi. Nyanga za kamavuka zili ndi timfundo 18, koma abale ake onse ali chimodzimodzi. Kuti akasiyanitse, akatswiri anakhala pa makina okulitsa zinthu, kuyang'ana mitsempha ya mapiko, mtundu wa miyendo, kukhakhala kwa msana, kenako n'kuyeza DNA. Wina anganene kuti ndi ntchito ya anthu osowa chochita. Ayi ndithu. Kodikodi atayamba kuwononga chinangwa cha Africa m'ma 1970, ofufuza anatenga adani a kachilombo kena kofanana naye, ndipo sanaphule kanthu. Kodikodi weniweni anapezeka ku Paraguay mu 1981, ndipo kamavu kake, Anagyrus lopezi, ndi kamene Hans Herren ndi anzake a bungwe la IITA anafalitsa mpaka chinangwa chinapulumuka. Zaka zinatayika chifukwa cha kusokoneza tizilombo tiwiri. Ifenso kangati tamuweruza mnyamata wa pa siteshoni ya minibasi chifukwa akufanana ndi amene anatibera foni? Tinamuyang'anitsitsa kodi, kapena mkwiyo unatiyang'anira?

3. Dzanja lofulumira limapha ndi mnzathu yemwe. Mankhwala opopera sasankha. Mbozi yaikulu imabisala m'kati mwa nsonga, pamene kamavu kali poyera pa tsamba, ndiye kamayamba kufa ndi iko. Abale anga, tisanathamangire botolo, tiyambe tayendera mizere yathu m'mawa, tiphwanye mazira a mbozi ndi chala. Tikaona kachikwa koyera kokhala ngati thonje pambali pa mbozi yofooka, tikasiye pomwepo. Pakapita masiku ochepa mutuluka kamavu kena.