Thukuta Logula ndi Thukuta Logulitsa

Ndinanyamuka pa Likhubula mame asanakamuke, ulendo wa ku Dziwe la Nkhalamba m'phiri la Mulanje. Njira yake imatsata chigwa cha mtsinje, matanthwe uku ndi uku, madzi akulindima pansi koma osaoneka.

Pamalo pena popanikiza ndinakumana ndi mayi wina akutsika, atasenza mtolo wa nkhuni wautali kuposa msinkhu wawo, kuphazi kulibe nsapato. Ndinapatuka.

"Zikomo achimwene. Mwatsata chiyani kuno?"

"Kudzangoona dziwe, mayi."

"Kungoona basi? Madzi?" Anaseka, mtolo n'kugwedezeka, iwo n'kumapita.

Kuseka kuja kunandiperekeza njira yonse. Tonse tinali thukuta kamukamu, koma langa ndinachita kugula, pakuti ndinalipira mnyamata wondilondolera njira, pamene lawo ankapita kukagulitsa kumsika. Kodi nkoyenera munthu kukasangalala pamalo pamene mnzake akuvutikirapo?

Kunena zoona, nditangoona mtolowo mtima wanga unathamangira kuweruza. Ife olemba ndakatulo timalira mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene watsala pang'ono kutheratu m'phirimu. Namondwe Freddy atagumula mapiri mu 2023, tinaloza chala odula mitengo. Komatu mbaula yanga ku Ndirande imadya makala tsiku ndi tsiku, ndipo sindinafunsepo wogulitsa kuti mtengo wake unagwa kuti. Nkhwangwa agwira ndi mayi aja, koma njala ya nkhwangwayo ili kukhitchini kwanga.

Sindikuti kudulako nkwabwino, ayi. Umphawi sugwira dothi, ndipo madzi akamatsika ndi miyala sayamba afunsa kuti unadula chifukwa chiyani. Amayambira nyumba za m'tsinde mwa phiri, za anthu ngati mayi omwe aja. Ine wa m'tauni ndimangomva pawailesi.

Nditafika, dziwe linali phee, mathithi akugwera m'madzi ozizira ngati a m'mtsuko wa m'bandakucha. Akuluakulu amati kale anthu ankabwera pano ndi nsembe, kudzapempha kwa mizimu. Ankafika ndi kanthu m'manja. Ine ndinafika ndi kamera ndi kabuku kolembamo. Ndinaviika mapazi, ndipo ndisaname, ndinasangalala kwambiri. Manyazi sanachotse kukoma kwa madziwo.

Potsika masana ndinakumana nawonso, nkhata ili m'manja, akukwera kachiwiri.

"Mwawaona madzi aja?"

"Ndawaona, mayi."

"Chabwino. Muyende bwino, pamwala apo mpoterera."